Musanapereke msana wanu kwa wolumika

Ngati mumakhala ku Lulimile ndipo mumadya thukuta lanu, palibe amene angakuphunzitseni za kuwawa kwa msana. Mwina mumapanga mizere ya chimanga ndi nyemba kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa litafika paliwombo. Mwina mumakankha njinga ya matumba atatu a makala, kukwera nayo mitunda yonse mpaka kumsika wa Chiuaula. Mwina ndinu mayi wosenza chigubu cha malita 20 kangapo pa tsiku, mwana ali kumbuyo. Madzi a malita 20 amalemera makilogalamu 20, ndipo katundu yenseyo amatsamira pakhosi ndi pamapewa panu. Ikafika miyezi ya Juni ndi Julayi zinthu zimanyanya. Lichinga ili pamwamba, mamita oposa 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo chisanu cha kuno chimaumitsa thupi. Mumadzuka m'mawa khosi likukana kutembenuka, chiuno chili gwa.

Simuli nokha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse, limene m'Chipwitikizi timati OMS, linawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu 619 miliyoni ankavutika ndi kuwawa kwa msana cha m'chiuno. Palibe vuto lina limene limalepheretsa anthu ambiri kugwira ntchito kuposa limeneli.

Munthu akamabuula, alangizi sasowa. Azakhali akuti mupite akakulumikeni, achotse magazi oipawo. Mphwanu akukuonetsani pa foni anthu atagona chafufumimba, misana ili yodzaza makapu, ndipo akuti ndi chithandizo chatsopano chochokera kunja, dzina lake ventosaterapia. Awiriwa akuganiza kuti akunena zosiyana, koma akunena chinthu chimodzi. Ndipo musanavule malaya kuti mugone pamphasa, ndi bwino mudziwe chimene chinthucho chimachita m'thupi mwanu, chimene sichingachite, ndi pamene chingakupwetekeni.

Nyanga ndi kapu ndi pachibale

Kulumika si kwachilendo kuno. Makolo athu, Anyanja ndi Ayao omwe, ankakudziwa kalekale. Wolumika amatenga kanyanga ka ng'ombe, ka mbuzi kapena ka nyama ya m'tchire, n'kukaboola kunsonga. Amaika kukamwa kwa nyangayo pakhungu, amayamwa mpweya ndi pakamwa pake, kenako amatseka kabowoko ndi phula la njuchi. Nyanga imakakamira pomwepo osagwa. Tamverani mawuwo: kulumika, kuluma. Nyangayo imakhala ngati yaluma khungu.

Abale athu achisilamu amati hijama. Mabuku a hadisi amasimba kuti Mtumiki Muhammad analumikidwapo, ndipo n'chifukwa chake ambiri amachita zimenezi ndi chikhulupiriro komanso ulemu. Ku China anayamba ndi nyanga, n'kubwera ku nsungwi, kenako ku magalasi. Madokotala a ku Ulaya nawonso ankalumika odwala kwa zaka mazana ambiri, ndipo mawu akuti ventosa ndi akale m'Chipwitikizi.

Chimene chinachititsa kuti nkhaniyi imveke ngati yatsopano ndi masewera. M'chaka cha 2016, pa mpikisano wa Olimpiki ku Rio de Janeiro, katswiri wosambira wa ku America, Michael Phelps, anaoneka pa kanema ali ndi mawanga ozungulira pamapewa. Anapambana mendulo 5 zagolide, ndipo anthu ambiri anayamba kufunsa za mawanga aja. Koma tisaiwale kuti uyu ndi munthu amene ankasambira maola ambiri pa tsiku kuyambira ali mwana. Mendulozo sizinatuluke m'kapu.

Masiku ano makapu ake amakhala apulasitiki okhala ndi kampope kokokera mpweya, ena alabala ongofinya ndi dzanja, ena agalasi. M'makapu agalasi amalowetsa moto wa kathonje konyika mu sipiriti kwa kanthawi, n'kuuchotsa, n'kuvundikira kapuyo msanga pakhungu. Mpweya wotentha uja ukamazizira umachepa mphamvu, ndipo khungu limakokedwera m'kati. Njira ndi zambiri, koma ntchito ndi imodzi: kukoka khungu.

Kusiyana kwenikweni kumene muyenera kukusunga m'mutu si kwa nyanga ndi kapu ayi. Ndi uku: pali kulumika kouma, kumene khungu silidulidwa, ndipo pali kulumika kotema, kumene amayamba atema mphini kuti magazi atuluke. Koyambako kuopsa kwake n'kochepa. Kwachiwiriko ndi nkhani ina.

Chimachitika n'chiyani pansi pa kapu?

Mukamasenda mbuzi kapena kudula nkhuku, mumaona kanthu koyera, kopyapyala, koterera, kamene kamakuta nyama. Ndi nembanemba. Nanunso muli nayo. Imakuta mnofu uliwonse ndipo imathandiza kuti minofu iziterereka bwino ikamagwira ntchito. M'Chipwitikizi amaitcha fáscia. Mukamva wina akutchula mawu aatali akuti miofascial, musachite nawo mantha. Mio ndi mnofu, fáscia ndi nembanemba ija, basi.

Anthu ochita kulumika kwa mtundu umenewu amapaka mafuta pamsana, amaika kapu, kenako amaiyendetsa pang'onopang'ono motsata mnofu. Ena amaisiya pamalo amodzi n'kukuuzani kuti muziweramira kutsogolo kapena muzikweza mkono. Iwo amati kukokako kumamasula nembanemba imene yagwirana ndi mnofu. Ndi maganizo omveka, koma ofufuza sanatsimikize kuti kapu imachitadi zimenezo.

Zotsimikizika ndi izi. Khungu ndi nyama ya pansi pake zimatukuka. Magazi amathamangira pamalopo, ndipo pamamveka kutentha. Timitsempha ta magazi tating'ono kwambiri timaphulika. Mitsempha yomvera kukhudza imatanganidwa ndi kukokako, ndipo ululu uja ungathe kuzirala kwa kanthawi. Inu nomwe mumachita zofanana ndi zimenezi mukagunda chigongono pachitseko: mumapatikita msanga, ndipo kuwawa kumachepa.

Nanga mawanga aja? Ena adzakuuzani kuti banga likada kwambiri ndiye kuti matenda anali ambiri pamenepo. Si zoona. Bangalo ndi magazi amene atuluka m'timitsempha tophulika tija n'kukhala pansi pa khungu, monga zimakhalira munthu akamenyedwa ndi chinthu. Kuda kwake kumadalira mphamvu imene kapu inakoka, nthawi imene inakhala, ndi khungu la munthuyo. Muike kapu pantchafu yabwinobwino imene sinawawepo, banga lituluka ndithu. Mwana akasewera n'kudziyamwa pamkono, kapena kuyamwa kapu mpaka itakakamira pakamwa, pamatsala banga lomwelo. Mawangawa amatha okha, ena pa masiku ochepa, ena pa masabata awiri.

Kodi kumathandizadi?

Funsani anthu khumi amene analumikidwapo, ambiri akuuzani kuti anadzuka thupi litapepuka. Sakunama. Kafukufuku wambiri wapezanso kuti anthu owawa khosi ndi msana amanena kuti ululu wachepa atangolumikidwa. Vuto ndi lakuti kafukufuku wambiri wotereyu anachitika pa anthu ochepa, ndipo sanayerekeze bwino ndi anthu amene sanalumikidwe kwenikweni.

Ku Brazil, ofufuza ena anayesa kutseka mpata umenewu, ndipo anafalitsa zimene anapeza m'chaka cha 2021. Anatenga anthu 90 amene msana unakhala ukuwawawa kwa miyezi. Anawagawa pawiri. Gulu loyamba ankalilumika ndi makapu enieni kamodzi pa sabata kwa masabata 8. Gulu lachiwiri ankaliika makapu achinyengo, amene ankataya mpweya osakoka khungu, koma eni ake osadziwa. Pamapeto pake magulu awiriwa sanasiyane kwenikweni. Olumikidwa zenizeni sanapose anzawo aja.

Zimenezi zikutiuza chinthu chofunika. Munthu akagona phee kwa mphindi zingapo, wina n'kumamugwira msana mosamala, n'kumamufunsa pamene pakuwawa, thupi limamasuka. Chiyembekezo chakuti ndichira nachonso chimachepetsa ululu. Izi si zonyozeka. Mlimi amene tsiku lonse palibe womufunsa kuti mwaswera bwanji, kugwiridwa msana kokha ndi chithandizo. Koma dzanja la mkazi wanu kapena la mwamuna wanu, ndi kansalu konyika m'madzi ofunda, zingakupatseni zambiri mwa zimenezi popanda kutulutsa metikali ngakhale imodzi.

Palinso china. Kuwawa kwa msana kobwera chifukwa cha ntchito nthawi zambiri kumachepa kokha pakapita masabata angapo, kawirikawiri asanakwane 6. Munthu amapita kukalumikidwa tsiku limene ululu wafika pachimake. Masiku otsatira ululu ukutsika, monga ukanatsikira ngakhale akanakhala pakhomo, ndipo ulemu wonse umapita kwa nyanga.

Choncho kunena mwachilungamo, kulumika kouma kungakupumitseni kwa maola kapena masiku ochepa ngati vuto lanu ndi minofu yotopa. Sikuwongola fupa, sikuchiza nyamakazi, sikutsitsa shuga, sikuchiza kuthamanga kwa magazi, sikupatsa munthu mwana. Wina akalonjeza zonsezi ndi kapu imodzi, gwirani thumba lanu.

Magazi akuda aja

Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa ndi pamene maso amatinamiza. Wolumika amachotsa nyanga, n'kukhuthulira pansi kapena patsamba magazi akuda, oundana ngati chiwindi. Amati onani zimene zinali m'thupi mwanu. Inu mukuona ndi maso anu. Mungatsutse bwanji?

Taganizirani tsiku limene munapha nkhuku. Magazi anatuluka ofiira, amadzimadzi. Mutawasiya m'mbale kwa kanthawi, anada n'kuundana. Kodi nkhukuyo inali ndi magazi oipa? Ayi. Magazi aliwonse akatuluka m'thupi amaundana pa mphindi zochepa. Ndi mmene thupi limatsekera chilonda kuti munthu asataye magazi onse. Komanso magazi amene akubwerera kumtima, atasiya kale mpweya wabwino m'minofu, amakhala oderako mwachibadwa. Munthu wathanzi, wodwala, mwana, nkhalamba, onse magazi awo amachita chimodzimodzi m'nyanga.

Magazi sakhala malo amodzi ngati madzi a pachithaphwi. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5, ndipo mtima umawazunguliza thupi lonse pafupifupi mphindi iliyonse. Magazi amene ali pamsana panu tsopano, posachedwa akhala ali kuphazi kapena kumutu. Palibe kagulu ka magazi oipa kamene kamabisala paphewa kudikira nyanga. Ntchito yosefa zoipa m'magazi ndi ya impso ndi chiwindi, ndipo zimaigwira usana ndi usiku.

Magazi amene atayika pansi aja ndi abwino, ndipo ambiri a ife tilibe otaya. Mayi woyembekezera, mayi woyamwitsa, munthu amene wangodwala malungo, munthu wa likodzo kapena njoka za m'mimba, onsewa kawirikawiri amakhala kale ndi magazi ochepa. Ndipo taonani msampha wake: kuchepa kwa magazi kumabweretsa kufooka, chizungulire, mutu ndi kuphwanya kwa thupi. Zizindikiro zomwezi ndi zimene zimatumiza munthu kukalumikidwa. Akachotsa magazi ena, amafookeratu, ndipo amabwereranso kuti akachotse ena.

Nthawi zina m'nyanga mumapezeka tsitsi, kakhala kapena kafupa, ndipo amati zatuluka m'thupi. Tsamba lino silikangana ndi chikhulupiriro cha munthu. Tingonena zimene aliyense angaone: mphini ndi kachilonda kosaya, kongodula khungu pamwamba, ndipo pansi pa khungu la msana palibe njira yodzera fupa kapena khala.

Tinenenso za njoka, popeza m'nyengo yolima ngozi imeneyi ili pafupi. Njoka ikaluma munthu, musateme pabalapo, musayamwe, musalumike, musamange mwamphamvu ndi chingwe. Zimenezi sizichotsa ululu wa njoka, zimangowononga nthawi ndi mnofu. Mugoneke munthuyo, mwendo kapena mkono wolumidwawo usagwedezeke, ndipo mumunyamule kupita naye kuchipatala.

Lumo limodzi, munthu mmodzi

Lumo limene latema munthu wina limanyamula magazi ake, ngakhale maso asaone. Kulipukuta ndi nsalu sikuchotsa tizilombo. Kulitsuka m'madzi sikukwanira.

Kafukufuku wa dziko lonse wotchedwa INSIDA 2021 anapeza kuti ku Mozambique, mwa anthu 100 aliwonse a zaka 15 kupita m'tsogolo, 12 kapena 13 ali ndi HIV. Ambiri a iwo ndi anthu amphamvu, ogwira ntchito, ndipo simungawadziwe ndi maso. Ena eni ake sadziwa. Ngati lumo limodzi latema anthu asanu m'mawa umodzi, inu wachisanu mungalandire matenda amene anayi aja anali nawo m'magazi.

Koma anthu amaopa HIV n'kuiwala mnzake amene amafala mosavuta kwambiri kudzera m'magazi. Ndi matenda a chiwindi otchedwa hepatite B. Kachilombo kake kangakhale ndi moyo pa lumo, panyanga kapena m'kapu kwa masiku 7, ngakhale magaziwo atauma. Munthu angakhale nako zaka zambiri osamva kanthu, kenako chiwindi n'kuuma kapena kugwidwa khansa. Palinso hepatite C, imene imayenda njira yomweyo. Ndipo mphini zikapakidwa phulusa, dothi kapena mankhwala osinja osatetezeka, pangalowe kafumbata kapena pangachite mafinya.

Onani kuti vuto si lumo lokha. Nyanga imene munalowa magazi a munthu wina ndi yovuta kuiyeretsa, chifukwa m'kati mwake ndi mokhakhala. Kapu yapulasitiki nayonso, ikagwira magazi, siyenera kupita pathupi la munthu wachiwiri. Wolumika amene amayamwa ndi pakamwa nayenso ali pangozi, makamaka ngati ali ndi zilonda m'kamwa.

Asing'anga ambiri amazidziwa zimenezi. Unduna wa za Umoyo, MISAU, wakhala ukugwira ntchito ndi bungwe la asing'anga la AMETRAMO, kuphunzitsa kuti lumo likhale la munthu mmodzi ndiponso kuti odwala ena azitumizidwa kuchipatala. Sing'anga wodziwa ntchito yake sakwiya mukamufunsa za lumo. Ochita hijama osamala amatsegula lumo latsopano inu mukuona, amavala magolovesi, ndipo makapu amene agwira magazi sawabwereza. Kufunsa si mwano. Mungathe kunena mwaulemu kuti: "Pepani bambo, ndabwera ndi lumo langa, ndipo ndikufuna ndione kapu imene mugwiritse ntchito." Akakana, nyamukani. Thupi ndi lanu, ndipo amene adzamwe mankhwala moyo wonse ndi inu.

Malangizo a tsamba lino ndi akuti pa kuwawa kwa minofu musatemedwe n'komwe. Phindu lake silinatsimikizike, pamene ngozi yake ndi yodziwika. Koma ngati zachitika kale, ndipo mukukayika kuti lumo kapena nyangayo inagwira munthu wina, musakhale pansi n'kumadandaula. Pitani kuchipatala msanga. Alipo mankhwala oteteza ku HIV munthu akakhudzana ndi magazi okayikitsa, koma ayenera kuyambidwa asanathe maola 72, kutanthauza masiku atatu. Kufulumira ndiye kwabwino. Mukafika, nenani zoona zonse. Anamwino anamvapo nkhani zotere kambirimbiri.

Kuwawa kwina si kwa minofu

Ngozi yaikulu ya kulumika mwina si lumo. Ndi masiku amene amatayika munthu akulumikidwa pamene matenda enieni akukula.

Kuwawa kwa minofu kuli ndi khalidwe lake. Kumabwera mutagwira ntchito yolemetsa kapena mutagona moipa. Mungathe kuloza ndi chala pamene pakuwawa. Kumasintha mukasintha kakhalidwe, kumachepa mukapuma kapena mukathowa ndi madzi ofunda, ndipo sabata ndi sabata kumanka kuchepa. Munthu amadya bwino, thupi silitentha.

Kuwawa kumene sikutsata khalidwe limeneli, kuopeni. Thupi lonse likaphwanya, mutu ukuwawa, mukumva kuzizira ndi kutentha, ganizani za malungo, ndipo kuyeza kwake ndi kwa mphindi zochepa. Khosi likauma mwadzidzidzi pamodzi ndi kutentha thupi ndi mutu waukulu, munthu n'kumadana ndi kuwala, amenewo angakhale matenda oumitsa khosi, ndipo amapha msanga. Kubaya m'nthiti pamodzi ndi chifuwa ndi kupuma mobanika kungakhale chibayo. Kutema mphini pachifuwa cha mwana wa chibayo ndi kumuchedwetsa ku mankhwala amene akanamupulumutsa.

Msana umene wawawa miyezi, ukuwawa ngakhale usiku mutagona, inu mukuonda, mukutuluka thukuta usiku, ungakhale chifuwa chachikulu cha TB. Ambiri sadziwa kuti TB imagwiranso mafupa a msana. Imadya fupa pang'onopang'ono mpaka msana kupindika ngati linunda, ndipo miyendo ingathe kufa. Ikapezeka msanga imachizika, ndipo mankhwala a TB m'zipatala za boma ndi aulere.

Kuwawa kwa m'mbali mwa chiuno pamodzi ndi kutentha pokodza kapena magazi m'mkodzo kumaloza ku impso ndi chikhodzodzo. Amene mumapita kunyanja, ku Meponda kapena ku Metangula, kapena mumachapa ndi kusamba m'madambo, kumbukirani likodzo. Amayi, kuwawa kwa chiuno pamodzi ndi kutaya magazi nthawi yosayenera, kapena kumaliseche kukutuluka zonunkha, kumafuna kuyezedwa khomo la chiberekero.

Ndipo pali zizindikiro zimene sizidikira kuti kuche. Miyendo ikuchita dzanzi kapena ikufooka. Mkodzo kapena chimbudzi chikutuluka chokha, kapena mkodzo ukukanika. Chifuwa chikuthina, ululu n'kumatsikira kumkono kapena kukwera kunsagwada. Mbali imodzi ya nkhope yagwa, mawu sakumveka. Mwagwa panjinga yamoto kapena mumtengo ndipo msana ukuwawa kwambiri. Katumba wa mwendo umodzi watupa, watentha, akuwawa. Pa zimenezi musafune kapu, musatikite. Funani galimoto kapena njinga, mupite ku Centro de Saúde yapafupi kapena ku Hospital Provincial de Lichinga.

Ngati mwasankha kulumika kouma

Tinene kuti mwadziyesa bwino: ndi minofu yotopa basi, ndipo mukufuna kuyesa makapu. Palibe choletsa, bola musamale zinthu zingapo.

Kapu iikidwe pamene pali nyama yambiri, monga pamapewa, m'mbali mwa msana ndi pantchafu. Isaikidwe pafupa la msana penipeni, kutsogolo kwa khosi, kumaso, pachilonda, pazidzolo, pachotupa, kapena pamitsempha yotupa ya m'miyendo. Mphindi 5 mpaka 10 n'zokwanira. Ikakhalitsa, kapena ikakoka mopitirira, pamatuluka matuza, ndipo thuza likaphulika ndi chilonda. Muyenera kumva kukoka, osati kuwawa. Mukamva kuwawa kapena chizungulire, nenani achotse pompo. Musalumikenso pamalo pamene banga lakale silinathe.

Za moto zija samalani nazo kwambiri. Sipiriti akadonthera pakhungu kapena mkombero wa galasi ukatentha, munthu amapsa. Musayesere kunyumba ndi matambula ndi nyuzipepala yoyaka chifukwa choti mwaonera pa foni. Wojambula uja sakuonetsani anthu amene anapsa.

Pali anthu amene sayenera kulumikidwa ngakhale kouma. Ana aang'ono. Amayi oyembekezera, makamaka pamimba ndi pachiuno. Anthu amene magazi awo sachedwa kutuluka koma amachedwa kuleka, ndi amene akumwa mankhwala osungunula magazi. Anthu ochepa magazi. Nkhalamba zimene khungu lawo lapyapyala. Odwala shuga afunse kaye kuchipatala, chifukwa zilonda zawo zimachedwa kupola.

Pa nkhani ya ndalama, funsani mtengo musanagone. Wina akakuuzani kuti mulipiriretu maulendo khumi, dziwani kuti palibe umboni wakuti maulendo khumi amachiza chimene maulendo awiri alephera. Mukalumikidwa kawiri kapena katatu osaona kusintha, lekani.

Zimene msana umafuna tsiku ndi tsiku

Kale anthu ankauzidwa kuti msana ukawawa agone masiku ambiri. Madokotala anasiya malangizo amenewo. Kugona nthawi yaitali kumaumitsa minofu ndipo kumachedwetsa kuchira. Pumulani tsiku limodzi kapena awiri ngati ululu wakula, kenako yambani kuyenda ndi kugwira ntchito zopepuka. Thowani ndi kansalu ka madzi ofunda, osati owira. M'miyezi yozizira fundani khosi ndi chiuno musanatuluke m'mawa, ndipo musayambe ndi katundu wolemera thupi lisanatenthe.

Kumunda, musadikire kuti mzere uthe. Imirirani kawirikawiri, ikani manja m'chiuno, weramirani kumbuyo pang'ono. Khasu la mpini waufupi limakuweramitsani kwambiri, ndipo kusintha mpini n'kotchipa kuposa kulipira wolumika. Ponyamula thumba la mbatatesi kapena la chimanga, pindani mawondo, thumba likhale pafupi ndi thupi, ndipo musapotoze chiuno mutanyamula. Thumba la makilogalamu 50 ndi la anthu awiri, ngakhale anyamata a kumsika aseke. Amayi, maulendo awiri ndi chigubu chaching'ono amateteza khosi kuposa ulendo umodzi ndi chachikulu. Ndipo abambo, njinga imene imanyamula makala ingathenso kunyamula madzi.

Paracetamol angathandize. Ibuprofeno ndi diclofenac amachepetsa ululu koma amapweteka m'mimba ndi impso akamwedwa masiku ambiri. Musamwe muli ndi njala, musamwe ngati muli ndi zilonda za m'mimba kapena muli oyembekezera, ndipo musagule mapilisi opanda dzina ongothiridwa m'kapepala. Ngati ululu wapitirira masabata 6, kapena umangobwerabwera, pemphani kuchipatala kuti akuuzeni za fisioterapia. Kumeneko amaphunzitsa mayendedwe olimbitsa minofu ya msana ndi ya pamimba, amene mungamachite nokha pamphasa kunyumba.

Popita kuchipatala, konzekerani mawu anu, popeza mzere umakhala wautali ndipo nthawi yolankhula ndi yochepa. Inu amene mukuphunzira kulemba, apa ndi pogwiritsa ntchito pensulo. Lembani papepala tsiku limene ululu unayamba, pamene pakuwawa, ndi mankhwala onse amene mwamwa. Ngati namwino salankhula chinenero chanu, mawu awa akuthandizani. Kuwawa kwa msana ndi dor nas costas. Khosi ndi pescoço, phewa ndi ombro. Kutentha thupi ndi febre. Dzanzi ndi dormência. Lumo ndi lâmina. Ngati munalumikidwa kapena kutemedwa mphini, onetsani malowo ndipo nenani tsiku lake, kuti namwino adziwe ngati maola 72 aja sanathe.